Kumbuyo kwa Kanema wa Mfumu

M'dziko la Zilibwino, limene mukalifuna pamapu mungotopetsa maso, munali lamulo limodzi lokha logwiradi ntchito. Malamulo enawo, oletsa kuba ndi ziphuphu, ankangokhala m'mabuku kudikira chiswe. Koma ili lokha ngakhale mwana woyamwa ankalidziwa: munthu sapita kumbuyo kwa mfumu.

Lamuloli linali ndi mbiri yake. Mfumu Sindilakwa Woyamba inalowa ufumu itadzera kumbuyo kwa mkulu wake ndi chibonga m'manja, ndipo itangokhala pampando inazindikira kuti nzeru imeneyo wina akhoza kuibwereka. Choncho inalamula kuti aliyense wopezeka kumbuyo kwake azitumizidwa ku chilumba cha Kosabwera. Dzina la chilumbacho silisowa womasulira.

Pofika nthawi ya mdzukulu wake, Sindilakwa Wachitatu, lamulolo linali litanenepa. Silinkateteza msana wa mfumu wokha ayi, komanso kumbuyo kwa chilichonse chimene chawazidwa ufa kuti chikhale chachifumu. Galimoto ya mfumu ikatitimira m'matope sinkakankhidwa. Anthu ankaikoka ndi zingwe chakutsogolo, nthawi zina mpaka bampala kuzuka galimoto n'kutsala pomwepo. Mfumu nayo sinkacheuka, poti nkhope yake inali chuma cha anthu ndipo sinkayenera kutayidwa poyang'ana kukhoma. Pobwerera pampando wake inkayenda chambuyo, nduna zili chogwada patsogolo pake kumailondolera: "Kumanzere pang'ono, Mwinidzuwa. Basi, khalani." Mpandowo unali waukulu, wa msana wotambalala, ndipo zimene zinali kuseri kwake, mwalamulo, palibe ankazidziwa.

Chaka china, mfumu ikukonzekera chikondwerero chokumbukira tsiku limene inalowa ufumu, mfumu ya dziko loyandikana nalo inatumiza mphatso ya wailesi ya kanema yaikulu ngati chitseko. Anthu wamba a ku Zilibwino anali nawo kale akanema awo, ang'onoang'ono, akale, oonerapo mpira ndi alaliki. Mfumu yokha ndi imene inalibe, chifukwa nduna zinkaiuza kuti m'menemo mulibe chimene iyo sichidziwa kale.

Mmisiri amene anabwera ndi mphatsoyo anakwera padenga la nyumba yachifumu ku Gwadani, likulu la dzikolo, n'kumangirira eriyo pansungwi, n'kutsitsa chingwe chake kudzera pawindo. Anaimika kanemayo chakukhoma, moyang'anizana ndi mpando wa mfumu, n'kulumikiza magetsi. Galasi litangowala, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Pomwepo a Zakeyu Pondaponda, Mkulu wa Miyambo, anakwawa mpaka patsogolo, n'kuwaza ufa pamwamba pa kanemayo, n'kulengeza kuti popeza adzanyamula nkhope ya mfumu, kuyambira tsopano dzina lake ndi Nkhope Yachiwiri.

Mmisiri uja sankamva chinenero cha kumeneko. Iye anangotola chingwe cha eriyo n'kuyamba kuzungulira kuti akachisomeke kumbuyo, kumene opanga akanema amaika kabowo kake. Asilikali anamugwira phazi lili m'malere. Anapulumuka poti anali mlendo, koma anamuperekeza mpaka kumalire tsiku lomwelo.

Chingwe chinatsala pansi, kamutu kake kachitsulo kali gone pasimenti kuseri kwa kanema, poti munthu akanangotambasula mkono ntchito n'kutha. Pagalasi pankangooneka timadontho toyera ndi takuda tongowirawira, timene anthu a kumeneko amatitcha mpunga, ndi phokoso ngati la mvula padenga la malata.

"Nkhope yanga ili kuti?" inafunsa mfumu.

Maso onse anatembenukira kwa a Gelevazio Chikwapulo, Nduna ya Zithunzi. A Chikwapulo anali munthu wofatsa, wamantha, amene anapeza unduna chifukwa pamsonkhano wina anapitiriza kuomba m'manja anzawo onse atatopa. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali kupachika zithunzi za mfumu m'masukulu opanda madenga, ndipo palibe tsiku limene anafunsidwapo funso.

"Ikubwera, Mwinidzuwa," anayankha motero, mphumi ili pansi.

"Ibweredi," inatero mfumu. "Pa tsiku la chikondwerero ndikufuna ndidzadzione m'menemu ndili pampando uno. Ndikadzaona mpungawu, inu a Chikwapulo mukapitiriza kuuonera ku Kosabwera."

Musaganize kuti panali wina m'bwalomo amene sankadziwa vuto lake. Nduna zonse zinali ndi akanema kunyumba, zina atatuatatu: kwa mayi wamkulu, kwa mayi wamng'ono, ndi kwa uja wosatchulidwa. Zonse zinasomekapo chingwe cha eriyo ndi manja awo. Nzeru zinalipo zokwanira kudzaza nkhokwe, koma chosowa chinali munthu wofuna kukwera bwato la ku Kosabwera.

Bungwe la nduna linakumana, ndipo linayamba ndi kugwirizana kuti nkhani yovuta chotere singakambidwe ndi njala. Atadya, a Chikwapulo anapempha kuti kanemayo angotembenuzidwa, kumbuyo kubwere kutsogolo.

A Pondaponda anavula magalasi pang'onopang'ono. "Anduna, ndimve bwino. Mukuti Nkhope Yachiwiri ifulatire Nkhope Yoyamba? Komanso mukaitembenuza, tonse a m'bwalo muja tipezeka tili kumbuyo kwake. Bwato lake ndi liti loti tikwanemo?"

"Nanga titaboola khoma kunja, munthu n'kungolowetsa dzanja?"

"Dzanjalo likalowa lidzakhala kuti? Kumbuyo. Tidzalitumiza ku Kosabwera, ndipo poti dzanja siliyenda lokha, mwini wake adzaliperekeza."

"Ndiye tiuchotse kaye ufumuwo kwa kamphindi, tidzaubwezeretsa."

"Ufa ukawazidwa suwoleka," anatero a Pondaponda, n'kuvalanso magalasi.

Zinali zodabwitsa kuona mmene mkuluyu anaikira mtima pa nkhaniyi. Pamilandu ina a Pondaponda ankapeza kampata m'mwambo mosavuta, makamaka wopemphayo akabwera ndi mbuzi. Koma pa chingwe ichi anauma gwa. Anafika popita kwa mfumu kukailangiza kuti isavutike mtima, chifukwa zimene ikuona pagalasipo ndi zokolola za dziko la Zilibwino, mpunga wochuluka kotero kuti sukukwana m'kanema. Mfumu inakondwa ndithu, n'kulamula kuti alimi ayamikiridwe pawailesi. Koma inati nkhope yake ikuifunabe.

Kenaka mfumu inamva mphekesera yoti anthu wamba akuona zithunzi zoyera bwino m'nyumba mwawo. Inakwiya kwambiri. Mawa lake wolengeza anaima pamulu wa zinyalala pakati pa msika wa Pilirani, poti ndi pokhapo pamene panali pokwera, n'kuwerenga chilengezo:

"Tamverani, inu okondedwa a Mwinidzuwa, Tate wa Mvula, Mtsinje Wosaphwa. Popeza n'kulakwira chilengedwe kuti diso la munthu wamba lione bwino kuposa diso la mfumu, ndipo popeza boma limakonda kuti anthu onse akhale ofanana, zingwe zonse za eriyo zizulidwe lero dzuwa lisanalowe. Zidzasungidwa bwino ndi asilikali mpaka mtsogolo muno."

Zinasungidwadi bwino. Sabata isanathe asilikali ankazigulitsa pamsika womwewo ngati zingwe zoyanikira zovala, ndipo ena anagula chingwe chawo chomwe.

Pamsikapo panali wometa tsitsi dzina lake Diliyasi, amene ankakopa makasitomala ndi kakanema ka mpira m'shopu mwake. Abiti Njaidi, mayi wogulitsa tomato pakhomo pa shopuyo, anasuzumira n'kuona amuna atakhala pabenchi, maso ali tong'o pa timadontho tija.

"Achimwene, anthu akubwerabe chonchi?"

"Akubwera, mayi. Ena akuti ndi koyamba chaka chino kuona mpunga."

"Ndiye muziwalipiritsa ya chakudya," anatero Abiti Njaidi, akupanga timilu ta tomato. "Koma paja feteleza wathu uja anati wapita kunyumba yachifumu kukadalitsidwa, sanabwerebe?"

"Madalitso ake ndi aatali. Mankhwala a kuchipatala anapita chaka chatha, mpaka pano akupemphereredwa."

Masiku anatha msanga, monga amachitira kwa munthu woyembekeza chilango. M'mawa wa tsiku la chikondwerero a Chikwapulo anakhala pakhonde la nyumba yawo atagwira tsaya, kachikwama ka zovala kali pambali. Akazi awo, Nangozo, ankayanika zovala pa chingwe chakuda chimene anagula kwa asilikali. Nangozo anali mayi wosachedwa ndi mawu, ndipo anali atapirira ulemu wa amuna awo kwa zaka zambiri.

"Bambo a Fanesi, chikwamacho ndi cha chiyani?"

"Akuti kuchilumbako kumazizira."

"Ndiye mwavomera kale."

"Nditani, Nangozo? Ndikapanda kusomeka chingwecho, ndipita. Ndikasomeka, ndipita. Ndagwira njakata ine."

Nangozo anafinya malaya n'kuwakutumula. "Njakata yake iti? Njakata imakhala pamene njira ina ili yabwino. Inu zonse n'zofanana, ndiye mukuopa chiyani? Kasomekeni. Bola mupite mutagwirako ntchito kamodzi, ana adzakhale ndi chonena akadzafunsidwa kuti bambo anu ankatani."

Mawuwo anawawa chifukwa anali oona. A Chikwapulo ananyamula chikwama chawo, n'kutsanzika ana, n'kupita ku Gwadani misozi ili m'maso.

M'bwalo munali modzaza. A wailesi ya kanema ya boma anabweretsa kamera yawo kwa nthawi yoyamba m'nyumba yachifumu, n'kuimika pamiyendo yake itatu italiitali pafupi ndi kanema, kuti dziko lonse lione mfumu ili pampando. A Pondaponda atangoiona nkhope inasintha. Analamula kuti kamerayo igwade ngati wina aliyense. Wojambula anayankha mwaulemu kuti ikagwada idzangoona zala za kumapazi za mfumu, ndipo mfumu inati kamera ikhale chiimire, poti si mapazi amene anthu akuwasowa.

A Pondaponda anayankhula nthawi yaitali tsiku limenelo, mwina poganiza kuti magetsi azima monga mwa masiku onse. Anati mfumu isanabadwe dzuwa linkatuluka mwamanyazi. Anati mu ulamuliro wake nkhuku zinayamba kuikira mazira mosangalala, ndipo njala inathawira kumaiko ena kumene ikupempha malo okhala. Koma magetsi, amene sanakhalepo okhulupirika kwa aliyense, tsiku limenelo sanazime.

Pomaliza mfumu inakweza dzanja. Inayang'ana pagalasi, n'kuona mpunga.

"A Chikwapulo," inatero motsitsa mawu.

Asilikali awiri anayamba kukwawa kulunjika pamene panali ndunayo. A Chikwapulo anaona kuti zatha. Anaimirira, chinthu chimene munthu sankachita pamaso pa mfumu, n'kuyenda mpaka pamene panali kanema, n'kulowa kuseri. M'bwalo monse munangoti zii, kusiya phokoso la mvula lija. Anatola kamutu ka chingwe, n'kupeza kabowo kozungulira, n'kulunjika kamsonga kapakati, n'kukankha. Ntchito imene inaimitsa dziko lonse inatha msanga kuposa kumanga batani la malaya.

Phokoso linaleka. Pagalasi panatulukira Sindilakwa Wachitatu, mutu mpaka mawondo, ndolo zake ndi chikopa cha kambuku paphewa. Mfumu inamwetulira, ya m'kanema nayo n'kumwetulira. Inakweza dzanja, inzake n'kukwezanso. Kwa kanthawi inali ngati mwana amene wapatsidwa galasi.

Kenaka maso ake anakwera pang'ono. Kamera ija, poti inali chiimire, inkaona kupitirira msana wa mpando, ndipo zonse zimene inkaona zinali pagalasi. Kuseri kwa mfumu kunali matumba a feteleza osanjikizana mpaka kudenga. Kunali malata a masukulu, makatoni a mankhwala, njinga za alangizi a zaumoyo zisanachotsedwe n'komwe mapepala. Mulu uliwonse unali ndi dzina la nduna lolembedwa ndi penti, kuti akuba asaberane. Mulu waukulu kuposa yonse unali wa a Pondaponda, ndipo kuchokera pa kakhomo ka kumbuyo kufika pa muluwo panali kanjira kopondeka bwino. M'dziko lonse la Zilibwino munalibe nkhokwe ina yotetezeka ngati kumbuyo kwa munthu amene sacheuka.

Dzina la a Chikwapulo silinalipo. Izi sizinali chifukwa cha chilungamo ayi, anzawo sanawaitane chabe, poona kuti munthu wamantha chotere angaulule.

Khosi la mfumu linagwedezeka. Onse amene anayerekeza kudzutsa maso anaona mtsempha ukukoka, mutu n'kuyamba kupendekera kumanja. Zinali zapafupi kwambiri. Feteleza anali pomwepo, woti ikanamugwira ndi dzanja, ndipo kunja mvula inali itayandikira. Ikanacheuka tsiku limenelo, nkhani ino ikanakhala yosangalatsa kuilemba. Koma mfumu inaganiza za zimene munthu amayenera kuchita akaona, ndipo inaona kuti n'zambiri. Inawongola khosi.

"Zulani chingwecho," inatero.

Palibe anasuntha. Asilikali anayang'ana nduna, nduna zinayang'ana a Pondaponda, ndipo a Pondaponda, thukuta lili kamukamu, anayang'ana dzina lawo pagalasi. Chingwe chinali kumbuyo kwa Nkhope Yachiwiri. Iwo omwe ndi amene anatseka mipata yonse, wa dzanja, wa khoma ndi wa ufa, ndipo tsopano msampha wawo unawagwira mwendo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anali kale kumeneko, atanyonyomala kuseri kwa kanema kudikira kumangidwa.

"A Chikwapulo," inatero mfumu, "zulani."

A Chikwapulo anatambasula dzanja mwachizolowezi, poti moyo wawo wonse unali womvera. Koma dzanja lisanafike anaima. Anamva mmene mawu a mfumu anamvekera, ndipo anazindikira kuti aka n'koyamba kupemphedwa m'malo molamulidwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Mwinidzuwa," anayankha ali kuseri komweko, "ine ndalakwa kale, ndine munthu wa ku Kosabwera. Chikwama changa chili pakhomo. Dzanja la wolakwa lingakhudze bwanji Nkhope Yachiwiri kachiwiri? Bola anditenge, chingwechi chikhale mmene chilili mpaka mutapeza woyenera."

Pagalasi mayina ankawalabe. Nduna ina inayamba kulira mwakachetechete.

Apa m'pamene a Pondaponda anaonetsa kuti sanadye mbuzi za anthu pachabe. Anatsokomola, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti makolo akale anasiya udindo wina wotchedwa Nduna ya Kumbuyo, munthu mmodzi yekha wololedwa kupita kuseri kwa zinthu zonse zachifumu, ndipo udindowo wakhala wopanda munthu chifukwa woyenera anali asanabadwe. Nduna zonse zinakumbukira nawo nthawi yomweyo. Zina zinati agogo awo ankaunena kawirikawiri.

"Ndipo Nduna ya Kumbuyo singatumizidwe ku Kosabwera?" anafunsa mawu ochokera kuseri kwa kanema.

"Singatumizidwe, anduna."

"Ngakhale ana ake?"

"Ngakhale adzukulu," anatero a Pondaponda, mano ali gwa.

Anaponya ufa modutsa pamwamba pa kanema, wina n'kugwera pamutu pa a Chikwapulo. Iwo anagwira kamutu ka chingwe n'kukoka. Mfumu, feteleza ndi mayina zonse zinazimirira, timadontho tija n'kubwerera. Sindilakwa Wachitatu anapuma mozama, n'kuyang'ana pagalasi kwa nthawi ndithu.

"Mpunga wa chaka chino wachita bwino," inatero mfumu, ndipo bwalo lonse linaomba m'manja.

Mwambo wonsewo unaulutsidwa m'dziko lonse, koma poti zingwe za anthu zinali zitayanikidwa zovala, unaoneka pa kanema mmodzi yekha. Komabe wojambula uja anali ndi pakamwa, ndipo ankameta kwa Diliyasi. Mawa lake msika wa Pilirani unali utamva zonse.

"Ndiye mfumu inaonadi?" anafunsa Abiti Njaidi.

"Inaona ndi maso ake, mayi."

"Ndiye inatani?"

"Inakonza vutolo pompo. Inazulitsa chingwe."

Abiti Njaidi anachotsa tomato woola pamulu. "Ife tinkadzitonthoza kuti mwina sidziwa," anatero. "Tsopano atilanda ndi chimenecho."

Mvula inagwa, anthu anadzala popanda feteleza. A Chikwapulo sanapite ku Kosabwera, ndipo ana awo anapezadi chonena. Poti mbuzi imadya pamene aimangirira, mwezi usanathe mayina onse a kuseri kwa mpando anafufutidwa n'kulembedwa dzina limodzi, ndipo nduna zofuna katundu wawo zinayamba kubwera ndi mbuzi kwa Nduna ya Kumbuyo, a Pondaponda ali patsogolo. Nangozo anasiya kuyanika yekha zovala. Akamadutsa pamsika amakweza galasi la galimoto chifukwa cha fumbi.

Chingwe cha eriyo chidakali pansi mpaka lero, pafupi penipeni ndi kabowo kake. Nthawi zina mfumu imaiwala, n'kuyamba kukweza mawu pa a Chikwapulo monga kale. Iwo amangopita kuseri kwa kanema, n'kutola kamutu ka chingwe kaja, n'kumakapukuta fumbi pang'onopang'ono mpaka mfumu itasintha nkhani.